Mariano Rivera ndi ntchito ya woponya mpira wotsekera masewero: mafunso ndi mayankho

Pa baseball pali munthu amene amakhala pansi maola awiri kapena atatu anzake akukhetsa thukuta, kenako amamuitana kuti adzasewere mphindi zochepa zakumapeto, mitima ya anthu onse m'bwalo ili m'mwamba. Akachita bwino, anthu amangoti wagwira ntchito yake. Akalakwitsa kamodzi, timu yonse imagona ndi chisoni ndipo dzina lake ndi limene limatuluka m'manyuzipepala. Mariano Rivera wa ku Panama anagwira ntchito imeneyi ku New York Yankees kwa zaka 17, ndipo palibe amene anaigwirapo bwino kuposa iye.

Kodi woponya mpira wolowa m'malo ndi ndani?

Masewero a baseball amakhala ndi zigawo 9, zimene eni ake amazitcha ma inning. M'chigawo chilichonse timu imodzi imamenya mpira ndi chibonga, inayo ikuponya ndi kuwakha, mpaka omenya atatu atatulutsidwa, kenako amasinthana. Woponya amaima pa kachulu ka dothi pakati pa bwalo, mamita 18.44 kuchokera pamene pali womenya. Chigoli cha masewerowa amachitcha run, ndipo chimawerengedwa womenya akazungulira malo onse anayi n'kubwerera pamene anayambira.

Woponya amene wayamba masewero samaliza kawirikawiri. Akafika pa mipira 100 kapena kuyandikira pamenepo, mkono umayamba kulemera ndipo omenya amakhala atamuzolowera. Mphunzitsi amaimba foni ku kampanda kamene kali kumapeto kwa bwalo, kotchedwa bullpen, kumene oponya ena amakhala akudikira. Amene waitanidwayo ndiye wolowa m'malo, reliever. Monga pa mpira wamiyendo, wotulukayo sabwereranso tsiku limenelo, choncho mphunzitsi akasintha munthu molakwika alibe pothawira.

Nanga wotsekera amasiyana bwanji ndi anzake a mu bullpen?

Wotsekera, closer, ndi amene amasungidwira chigawo chomaliza pamene timu ikutsogola pang'ono. Ntchito yake imayezedwa ndi chinthu chotchedwa save. Amene anayambitsa kawerengedwe kameneka ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, ndipo ligi inakavomereza mu 1969. Kuti munthu apatsidwe save ayenera kumaliza masewero amene timu yake yapambana, asakhale amene walembedwa kuti ndiye wapambanitsa, komanso alowe zinthu zili pothina: mwina timu ikutsogola ndi ma run osapitirira atatu ndipo iye waponya chigawo chathunthu, mwina amene angafananitse zigoli ali kale m'bwalo kapena watsala pang'ono kumenya, apo ayi aponye zigawo zitatu zomaliza.

Kale oponya otere ankalowa nthawi iliyonse moto ukabuka, ngakhale m'chigawo cha 7, n'kuponya mpaka kumapeto. Rollie Fingers, Goose Gossage ndi Bruce Sutter anali a mtundu umenewu. Chizolowezi chosungira munthu mmodzi chigawo cha 9 chinakhazikika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene Tony La Russa ankagwiritsa ntchito Dennis Eckersley ku Oakland.

Rivera anachokera kuti?

Anabadwa pa 29 November 1969 ku Panama City, koma anakulira ku Puerto Caimito, mudzi wa asodzi m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Bambo ake ankayendetsa boti lophera nsomba. Ana a kumeneko ankasewera pamchenga madzi akaphwera. Mpira unali wachikulunga, wa zidutswa za ukonde zomangidwa ndi tepi, chibonga chinali nthambi ya mtengo, ndipo golovesi ankaidula ku katoni ya mkaka.

Mtima wake poyamba unali pa mpira wamiyendo, koma kuvulala kwa akakolo kunamusiyitsa. Atachoka kusukulu analowa m'boti la bambo ake, kumene ankagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ngakhale iye ankalakalaka kudzakhala makaniko. Nyanjayo inamuonetsa zoopsa. Mbale wawo wina wamkulu amene ankagwira naye ntchito anamwalira atavulala pa ngozi ya m'boti, ndipo ulendo wina boti linayamba kumira moti anthu anachita kulithawa. Ine ndimaona kuti kudekha kumene anthu ankakudabwa pambuyo pake kunayambira kumeneku. Munthu amene anaonapo madzi akudzaza boti usiku sanjenjemera chifukwa cha anthu 50,000 akukuwa.

Ndiye anapezeka bwanji ku Yankees?

Ankasewerera timu ya Panamá Oeste, osati ngati woponya koma wowakha mipira pakati pa bwalo. Mu 1989, tsiku lina woponya wawo zitamuvuta, Rivera anadzipereka kuti ayese, ndipo anaponya bwino moti anzake awiri anakatsina khutu Chico Heron, amene ankafunafuna osewera a Yankees. Herb Raybourn, mkulu woyang'anira ntchitoyi m'chigawocho, anabwera kudzamuona. Mnyamatayo anali woonda ndipo mpira wake sunali wothamanga kwenikweni, koma mkono wake unkayenda mofewa, mopanda kukakamiza. Anasainitsa pa 17 February 1990, ali ndi zaka 20, ndipo ndalama ya chikole sinapitirire madola 3,000.

Anali asanakwerepo ndege ndipo Chingerezi sankachidziwa n'komwe. Chaka choyamba ku Florida zinali bwinoko chifukwa kumeneko olankhula Chisipanishi ndi ambiri, koma mu 1991 atamutumiza ku Greensboro, North Carolina, anasungulumwa kwambiri mpaka ankalira usiku. Mu November chaka chomwecho anakwatira Clara, amene anadziwana naye ali ana kusukulu. Mu 1992 anachitidwa opaleshoni ya chigongono, ndipo panthawiyo ndi ochepa amene ankamuwerengera kuti adzafika patali.

N'chifukwa chiyani sanakhale woponya woyamba masewero?

Anayesa. Masewero ake oyamba mu ligi yaikulu anali pa 23 May 1995, polimbana ndi California Angels, ndipo Yankees inagonja 10-0. Mu June anamubweza ku timu yaing'ono tsiku limodzi ndi wosewera mnzake Derek Jeter. Panali ngakhale zokambirana zomupereka ku Detroit posinthanitsa ndi woponya wina, David Wells. Chimene chinamupulumutsa n'chakuti ali ku timu yaing'onoko liwiro la mpira wake linakwera mwadzidzidzi kufika makilomita opitirira 150 pa ola. Gene Michael, mkulu wa timu, atamva zimenezi anafunsa kawiri kuti atsimikize, kenako anaimitsa zokambiranazo.

Vuto la woyamba masewero ndi lakuti amakumana ndi womenya yemweyo katatu kapena kanayi, choncho amafunika mitundu itatu kapena inayi ya kaponyedwe. Rivera analibe yambiri. Mu 1996 mphunzitsi watsopano, Joe Torre, anamuika kuti aziponya zigawo za 7 ndi 8, kukonzera njira John Wetteland amene ankatsekera. Chaka chimenecho anaponya zigawo zopitirira 107, natulutsa omenya 130 osaukhudza bwino mpira, ndipo Yankees inatenga chikho cha World Series. Wetteland atapita ku Texas, chigawo cha 9 chinakhala cha Rivera kuyambira 1997. Sanayambe bwino ayi. Pa mipata 6 yoyamba yopezera save analephera katatu, koma Torre sanamuchotse.

Kodi cutter imene anatchuka nayo ndi chiyani?

Ndi mpira wothamanga umene umabwera ngati ukulunjika, koma utatsala pang'ono kufika umakhota pang'ono chammbali. Kukhotako si kwakukulu, mwina kutalika kwa chala kapena chikhatho, koma kumachitika womenya atagamula kale kumene chibonga chidutse. Mpira umatenga nthawi yosakwana theka la sekondi kuti ufike, ndiye palibe mpata wosintha maganizo.

Rivera sanachite kuuphunzira kwa munthu. Pakati pa chaka cha 1997 ankaponyerana mpira ndi mnzake wa ku Panama, Ramiro Mendoza, masewero asanayambe, ndipo mpirawo unangoyamba kukhota. Mendoza anadandaula kuti akulephera kuuwakha. Rivera ndi mphunzitsi wa oponya, Mel Stottlemyre, anatha masabata akuyesa kuuwongola, poganiza kuti ndi vuto, mpaka anaona kuti omenya nawonso akuulephera. Anausiya mmene unalili. Rivera, amene ndi Mkhristu wolimbikira, wakhala akunena nthawi zonse kuti imeneyi inali mphatso yochokera kwa Mulungu.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kukaona: chala chamkombaphala ndi chapakati zili pamodzi pamwamba pa msoko, zitasunthira pang'ono mbali imodzi, chapakaticho chikukanikiza. Popeza ankaponya ndi dzanja lamanja, mpirawo unkathawa womenya wamanja n'kugunda kunsonga kwa chibonga, koma kwa wamanzere unkalowera m'manja, pamene chibonga chili chopyapyala. Zibonga zinkathyoka ngati nkhuni zouma. Pa World Series ya 1999, Ryan Klesko wa Atlanta anathyola zitatu pa ulendo umodzi wokamenya. Osewera ena amene amatha kumenya mbali zonse ankasankha dala kuima kumanja akakumana naye, zimene n'zosemphana ndi mmene amachitira kwa oponya ena onse amanja.

Ngati aliyense ankadziwa chimene chikubwera, ankalephera bwanji kuchimenya?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Oponya ambiri amadalira kunamiza womenya, uku wothamanga, uku wochedwa, uku wogwa pansi. Rivera analibe chobisa. Womenya, wowakha, mwana wogulitsa mtedza m'bwalo, onse ankadziwa kuti ikubwera cutter. Mphamvu yake inali poika mpira pamalo enieni amene wafuna, m'mphepete mwenimweni mwa malo ovomerezeka, mkati kapena kunja, osati pakati. Kayendedwe ka thupi lake kanali kamodzimodzi ulendo uliwonse, ndipo sankapatsa anthu mwayi wopita ulere pamalo oyamba chifukwa choponya mipira yophonya. Pambuyo pake anawonjezera mpira wina wokhotera mbali inayo, kuti womenya wamanja asazolowere.

Sankabisanso kagwiridweko. Pa masewero a akatswiri a 2008 anaphunzitsa Roy Halladay wa Toronto, timu imene ankalimbana nayo chaka ndi chaka, ndipo Halladay anajambula ndi cholembera pa mpira pamene zala zinakhala kuti asaiwale. Ambiri anaphunzira kugwira chimodzimodzi, koma kuuika pamalo amodzimodzi kwa zaka 17 anali iye yekha.

Ziwerengero zake zikuti chiyani?

Mu ligi anapeza ma save 652, kuposa wina aliyense. Wachiwiri ndi Trevor Hoffman amene ali ndi 601, ndipo Rivera anamudutsa pa 19 September 2011 polimbana ndi Minnesota Twins. Anasewera masewero 1,115, namaliza 952 mwa amenewo. Pa zigawo 9 zilizonse ankalola ma run 2.21 okha. Anasankhidwa ka 13 kukasewera masewero a akatswiri, ndipo anatenga World Series kasanu: 1996, 1998, 1999, 2000 ndi 2009.

Koma zimene zimandigwira mtima ndi za m'masewero a ndime zomaliza zolimbirana chikho, kumene amakumana ndi matimu amphamvu okhaokha. Kumeneko anaponya zigawo 141, napeza ma save 42, ndipo ma run amene anawerengedwa pa iye ndi 11 basi, kutanthauza 0.70 pa zigawo 9. Anthu ambiri pothina amafooka, koma iye ankachita bwino katatu kuposa masiku wamba.

Kodi analepherapo?

Analephera, ndipo analephera pamaso pa dziko lonse. Mu 1997 Sandy Alomar Jr. wa Cleveland anamumenyera mpira kunja kwa mpanda Yankees itatsala pang'ono kupitirira, ndipo tsiku lotsatira timu inatuluka mu mpikisano.

Chachikulu chinachitika pa 4 November 2001 ku Phoenix, masewero achisanu ndi chiwiri a World Series, pasanathe miyezi iwiri chichitikireni chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September, anthu a ku New York akufunitsitsa chinthu chowasangalatsa. Yankees inkatsogola Arizona Diamondbacks 2-1. M'chigawo cha 8 Rivera anatulutsa omenya atatu. M'chigawo cha 9 Mark Grace anamenya bwino n'kufika pamalo oyamba. Wotsatira anangougunda pang'ono mpira, Rivera anautola yekha, koma pouponya kwa Jeter unapita pambali. Munthu wodziwika ndi kulunjika analakwitsa kuponya kwapafupi. Tony Womack anafananitsa zigoli, kenako Luis Gonzalez, amene cutter inamulowera m'manja monga mwa masiku onse, anangoukankha mpira mofooka, n'kudutsa pamwamba pa owakha amene anali atasendera kutsogolo. Arizona inapambana 3-2. Rivera anatuluka m'bwalo mutu uli chilili, ndipo m'chipinda chovalira anaima n'kuyankha atolankhani, osaloza chala munthu.

Nkhaniyi ili ndi mchira wake. Mnzake Enrique Wilson anali atakonza zobwerera kwawo ku Dominican Republic pambuyo pa chikondwerero cha chikho. Popeza chikondwerero panalibe, ananyamuka msanga, ndipo ndege imene akanakwera inagwa ku Queens, mumzinda wa New York, pa 12 November, anthu onse 260 amene analimo n'kumwalira. Rivera anauza Wilson kuti akuthokoza kuti anagonja, chifukwa mnzake akadali moyo.

Mu October 2004 abale awiri a mkazi wake anamwalira atagwidwa ndi magetsi m'dziwe losambira kunyumba kwake ku Panama. Anapita kumaliro, n'kubwerera tsiku lomwelo la masewero oyamba olimbana ndi Boston Red Sox, kufika m'bwalo masewero ali mkati, n'kutsekera. Koma m'masewero achinayi ndi achisanu Boston inafananitsa zigoli iye ali pa kachulu, ndipo inakhala timu yoyamba m'mbiri ya ligiyi kupambana mpikisano wotere itagonja masewero atatu oyamba. Mu April 2005 atapita ku Fenway Park, bwalo la Boston, ochemerera a Boston anamuombera m'manja momunyogodola. Iye anaseka, navula chipewa kuwalonjera, ndipo chaka chimenecho chinakhala chimodzi mwa zaka zake zabwino koposa.

Munthu woponya chigawo chimodzi akuyeneradi ulemu wonsewu?

Funso limeneli ndi lachilungamo ndipo akatswiri amakanganapo mpaka lero. Pa moyo wake wonse mu ligi Rivera anaponya zigawo zosakwana 1,300, pamene mnzake Andy Pettitte, woyamba masewero, anaponya zopitirira 3,300. Goose Gossage wakhala akunena poyera kuti ntchito ya otsekera a masiku ano ndi yopepuka poyerekeza ndi ya nthawi yake, ndipo Mike Marshall mu 1974 anasewera masewero 106 n'kuponya zigawo zopitirira 208, onsewo ngati wolowa m'malo. N'zoonanso kuti save ina imakhala yosavuta, monga kulowa timu ikutsogola ndi atatu. Mphotho ya Cy Young ya woponya wabwino koposa Rivera sanaipatepo. Mu 2005 anakhala wachiwiri, kumbuyo kwa Bartolo Colón.

Komabe onani mmene otsekera ena amathera. Éric Gagné anapeza ma save 84 otsatizana pakati pa 2002 ndi 2004, kenako mkono unamukana. Ambiri amawala zaka zitatu kapena zinayi n'kuzima, ena chifukwa cha chigongono, ena chifukwa kugonja kumodzi kwawakhala m'mutu. Sizoni ili ndi masewero 162, pafupifupi tsiku lililonse, ndiye amene waluzitsa timu Lachiwiri ayenera kulowanso Lachitatu ngati sipanachitike kanthu. Ndipo pa ndime zomaliza Torre sankamusungira chigawo chimodzi. Pa masewero omaliza olimbana ndi Boston mu 2003 anaponya zigawo zitatu, 9, 10 ndi 11, osalola kanthu, mpaka Aaron Boone anamenya mpira wopambanira. Kwa ine ulemuwo anaukhetsera thukuta.

Tsiku lake la ntchito linkayenda bwanji?

Masana, anzake akamayeserera kumenya, iye ankathamanga kumapeto kwa bwalo akuwakha mipira youluka, ndipo kumeneko ndiko kunali kulimbitsa thupi kwake. Masewero akayamba ankatsalira kaye m'chipinda, akuonera pa TV mmene omenya a tsikulo akuchitira, kenako chapakati pa masewero n'kupita ku bullpen. Foni ikalira ankaponya mipira yochepa yotenthetsera mkono, chitseko n'kutseguka, iye n'kuthamanga pang'onopang'ono kulowera ku kachulu, golovesi ili m'dzanja. Akamaliza ntchito panalibe kudumpha kapena kudziguguda pachifuwa. Ankangogwirana chanza ndi wowakha, amene kwa zaka zambiri anali Jorge Posada.

Nanga nambala 42 imene ankavala ili ndi nkhani yanji?

Inali nambala ya Jackie Robinson, munthu wakuda amene anathyola tsankho mu ligi yaikulu mu 1947. Mu 1997 ligi inalamula kuti pasapezekenso wosewera watsopano woivala, koma amene ankaivala kale analoledwa kupitiriza. Rivera ndiye anali womaliza mwa iwo.

Anasiya bwanji kusewera?

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 3 May 2012 ku Kansas City, akuwakha mipira masana monga ankachitira tsiku lililonse, phazi linakodwa pafupi ndi mpanda ndipo mtsempha wa m'bondo lamanja unaduka. Anali ndi zaka 42 ndipo ambiri anati basi zathera pomwepa. Tsiku lotsatira anauza atolankhani kuti abwerera, sangachoke mwanjira imeneyo.

Anabwereradi mu 2013, atalengeza kuti chimenecho n'chaka chomaliza, ndipo anapeza ma save 44 ali ndi zaka 43. Mzinda uliwonse umene timu inapita, iye ankapempha kukumana ndi anthu amene saoneka: osesa m'bwalo, olondera pazipata, ogulitsa matikiti, ochemerera akalekale, kuti awathokoze. Matimu ankamupatsa mphatso, ndipo a Minnesota anamupangira mpando wa ndalema wa zibonga zothyoka. Pa masewero a akatswiri ku bwalo la Citi Field ku New York, atalowa m'chigawo cha 8, osewera onse anatsalira dala kunja, kumusiya yekha m'bwalo anthu akuomba m'manja.

Masewero ake omaliza anali pa 26 September 2013 ku Yankee Stadium, polimbana ndi Tampa Bay Rays. Atatulutsa omenya anayi, mphunzitsi Joe Girardi sanapite yekha kukamuchotsa monga mwa mwambo. Anatuma Pettitte ndi Jeter, anzake amene anakula nawo m'matimu aang'ono. Rivera anapereka mpira, nakumbatira Pettitte, n'kuyamba kulira mosadzigwira, nkhope ili paphewa la mnzakeyo. Masewero atatha anabwerera yekha pa kachulu paja, nagwada, n'kutapa dothi lodzaza dzanja kupita nalo kwawo.

Atapuma, zinamuthera bwanji?

Iye ndi Clara ali ndi ana aamuna atatu. Anakonzetsa nyumba yakale yopemphereramo ku New Rochelle, kufupi ndi New York, imene inatsegulidwa mu 2014 ndi dzina lakuti Refugio de Esperanza, ndipo Clara ndiye m'busa wake. Chaka chomwecho ligi inatcha dzina la Rivera mphotho ya wolowa m'malo wabwino koposa mu American League, limodzi mwa magulu awiri a ligi yaikulu.

Kuti wosewera alowe mu Hall of Fame, nyumba ya ngwazi za baseball ku Cooperstown, amafunika mavoti 75 pa 100 aliwonse a atolankhani a masewerowa. Kuyambira 1936 panalibe amene anapezapo mavoti onse. Babe Ruth sanawapeze, ndipo Ken Griffey Jr. anaperewera atatu. Pa 22 January 2019 mapepala 425 anawerengedwa, ndipo onse 425 anali ndi dzina la Rivera. Jeter mu 2020 ndi Ichiro Suzuki mu 2025 aliyense anaperewera voti imodzi. Rivera ndi munthu wachiwiri wa ku Panama kulowamo, pambuyo pa Rod Carew. Pa mwambo wa pa 21 July 2019 anamuika kuti alankhule pomaliza, monga mwa ntchito yake, ndipo nthawi ina polankhulapo anasiya Chingerezi n'kulankhula m'Chisipanishi kwa anthu a kwawo amene anabwera ndi mbendera za Panama.